Kamtima Kofiira ka M'foni ya Tereza

Tereza anakumana ndi Reinford pa siteji ya minibasi pa Madisi, mvula itayamba kuwaza. Mnyamatayo anali atakumbatira chikwama cha laputopu ngati khanda, ndipo Tereza, mphunzitsi wa masamu, anamuitanira mu ambulera yake.

"Ndimapanga mapulogalamu a m'foni," anatero Reinford. Kulankhula ankakutha mnyamata ameneyu, zimenezo tisamukanire.

Chibwenzi chitafika miyezi iwiri, Reinford anapeza ntchito ku Ntchisi. Asananyamuke anamuikira Tereza kapulogalamu m'foni. Munali batani limodzi lokha, kamtima kofiira.

"Kamatani kameneka?" anafunsa Tereza.

"Batani palokha silidziwa kanthu, Tere wanga. Ndimalemba malangizo pambali, n'kulipatsa kuti lisunge. Malangizowo sagwira ntchito pompo ayi, amadikira. Ukangodina, foni imawaitana. Ifeyo timati callback."

"Ndiye kamtimaka wakauza chiyani?"

"Kuti kazithamanga kudzandiuza kuti wandisowa. Foni yanga izilira, ine n'kumayankha nthawi yomweyo. Ndikulonjeza!"

Mayankho ankabweradi! "Ndakusowa, duwa langa." "Usaope, ndine wako." Tereza ankadina pa buleki kusukulu, ankadina akuchonga makope a ana.

Koma mantha anayamba kumulowa. Akamuimbira, foni inkangoitana. Chonsecho Reinford anali atanena yekha kuti Loweruka loyamba la mwezi abwera ndi akwawo kudzaonekera, ndipo amalume a Tereza ku Chezi anali atauza kale abale onse. Nanga akapanda kubwera? Nkhope yake akaibisa kuti?

Lachisanu masana Tereza anafika kumudzi. Anapeza amayi ake akuphika thobwa, pabwalo atasesa kuti mbee. Nyumba yawo inali m'chigwa momwe netiweki sinkafika. Wofuna kuimba foni ankakwera pachulu cha kumunda kwa fodya.

Mtima uli m'mwamba, Tereza analowa m'chipinda n'kudina kamtima kaja mwachizolowezi.

"Ndikukuganizira, wokondedwa."

Anamwetulira. Kenako maso anagwera pamwamba pa foni. Netiweki panalibe, ngakhale kamzere kamodzi.

Thupi lonse linachita tsembwe. Uthengawu wadzera kuti? Anadinanso. "Usaope, ndine wako." Anadinanso, n'kudinanso. Atafika kachisanu ndi chitatu, mauthenga anayambiranso poyamba. Miyezi yonseyi iye ankangoti ndi mawu amene Reinford amakonda kubwereza! Apa m'pamene anazindikira kuti batanilo silinkatumiza kanthu kwa munthu. Malangizo amene linapatsidwa anali ongotola mawu osungidwa m'foni momwemo.

Anathamangira pachulu paja, nsapato zili m'manja. Anaimba katatu, kachinayi Reinford anayankha.

"Reinford, ndikadina kamtima kaja, foni yako inalirapo?"

Tereza anakweza mawu.

"Ndiyankhe!"

"Tere, ndinkangofuna kuti usamadandaule..."

"Mawa mubwera?"

"Zinthu zavuta pang'ono. Akwathu sindinawauze."

Tereza anadula foni. Anachita manyazi kuposa mkwiyo, n'kutsika pachulupo.

Kunyumba anapeza amalume ake atagwira njinga, nkhope ili mwee.

"Tereza, ndikupita kutchalitchi kukabwereka mabenchi. Alendo athuwa abwera angati?"

Tereza anagwada, maso ali pansi.

"Amalume, bwezani njinga. Sikubwera munthu."