Nyumba Yosanja Kumapeto kwa Bwalo la Ndege

Bwalo lija linali laling'ono, la anthu olemera ouluka pongosangalala. Linatsekedwa kalekale, ndege ina itazungulira madzulo ena osatera. Udzu unamera, anthu anagawana malo. Koma lamulo limodzi linatsala ngakhale wolilondera panalibe: kumapeto kwa bwalo sumanga chachitali, mtengo womwe umaudulira.

Mkamwini wa Mayi Telala, amene malowo anachita kupatsidwa ndi apongozi akewo koma zikomo wake tikumudikirabe, anamanga yosanja.

"Ndege zake ziti, amayi? Zamapepala?" anaseka.

Mkazi wake atabwerako kuchipatala ndi khanda, anawakweza kuchipinda cham'mwamba. Madzulo amenewo Mayi Telala anali pansi, akupinda matewera. Mphepo kunalibe. Kenako anamva injini. Kutali. Ikutsokomola ngati nkhalamba. Inayandikira, mawindo ananjenjemera, inakwera n'kupita. Inabweranso, motsika kuposa poyamba.

Anasuzumira kunja. Nyenyezi zokhazokha.

Gogogo pachitseko.

Panaima bambo wamtali, wa jekete lachikopa, akununkha petulo. Anavula chipewa mwaulemu.

"Pepani mayi, nyumba yanuyi yanditsekera njira. Ndazungulira mokwanira. Mafuta andithera."

"Ndinu ndani kodi, bambo?"

"Ulendo uno sinditha kukweranso."

Anatembenuka. Mapazi ake sanamveke pamiyala.

Mayi Telala, amene mawondo anawakana kalekale, anakwera masitepe ngati mtsikana. Ananyamula khanda, nakoka mwana wawo pamkono.

"Tsika, iwe! Mafunso mawa. Nanunso bambo, chonde tsikani."

"Ndagona m'nyumba mwanga, amayi," anatero mkamwini, n'kufunda kumutu.

Mayi Telala atangoponda pansi, injini inafika. Magetsi anazima. Makoma anagwedezeka, makapu anagwa m'kabati. Kenako zii. Ankangomva kupuma kwa khanda pachifuwa pawo.

Anaitana mkamwini. Sanayankhe. Wokwera kukaona panalibe.

Kutacha, nyumba inali bwinobwino, lata ngakhale limodzi silinasunthe. Koma pabedi panalibe munthu. Anakamupeza pakati pa bwalo lakale, atakhala muudzu wonyowa, msana uli njo, manja atagwira mawondo zolimba, tsitsi likununkha petulo.

Aneba amanong'onezana kuti mwini ndege uja sankakonda kuuluka yekha. Mayi Telala anangogwada, namugwira phewa mkamwiniyo.

Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Amayi," anafunsa motsitsa mawu, "tatera?"