Mpando wa Obrien

Lister anakumana ndi Obrien pa bwalo la ndege la Mfuwe. Mtsikanayu ankalandira alendo a loji ina, ndipo Obrien anali dalaivala watsopano wa loji yomweyo.

"Mwaswera bwanji, nswala yanga?" anatero Obrien tsiku loyamba lomwelo. Manyazi analibe mnyamata ameneyu, koma pakamwa pokha panali shuga!

Posakhalitsa mameseji anayamba kugwa. "Loji ikatseka nthawi ya mvula, ndidzatuma amalume kwanu ku Msoro. Ndine wako mpaka kalekale."

Mvula inagwa, loji inatseka, Obrien anakwera minibasi ya ku Chipata. Foni inangoti zii. Amalume aja mwina anasochera panjira.

Lister analira mpaka kuwonda. Loji ikatsegula adzakhala bwanji naye m'galimoto imodzi? Anaganiza zongoisiya ntchito imene anaivutikira kuipeza.

Anapita ku kiliniki akudandaula mutu. Sista Mubanga, namwino amene ankaperekanso uphungu kwa achinyamata, anamufunsa mofatsa mpaka zonse zinatuluka.

"Mutu uwu si wa malungo, mwana wanga. Ntchito usaisiye kaye. Ubwere Lachinayi, tili ndi gulu la anzako."

Pagulupo Sista ankaika mpando wopanda munthu pakati. "Amene anakupweteka wakhala apa. Muuze zonse."

Lister anangoyang'ana mpandowo. Kenaka anaimirira Brenda, wogulitsa matimati pamsika wa Mfuwe, misozi ili mbwembwembwe.

"Obrien, unati ndine nswala yako ndekha. Nanga amalume ako ali kuti?"

Lister anatembenukira kwa Brenda. Obrien yemweyo, ngakhale dzina loti nswala lomwelo? Zinamuwawa kwambiri, koma pambuyo pa ululuwo panabwera mkwiyo.

"Sista, ndilankhuleko nane. Mpando ndi womwewu, musasinthe!"

Analankhula tsiku limenelo, ndi Lachinayi lotsatira, ndi linanso. Anaukalipira mpandowo, anaulirira, mpaka tsiku lina iye ndi Brenda anangoyamba kuseka.

Loji itatsegula, Lister anafika pa bwalo la ndege atavala yunifolomu yosita bwino. Obrien anamuthamangira, mano onse panja.

"Nswala yanga! Foni inabedwa, wokondedwa. Undikalipire, undiuze zonse zili mumtima mwako."

Lister anafufuza mumtimamo. Ululu uja unali utatha.

"Zonse ndinakuuza kale, Obrien. Unakhala phee, sunandidule mawu, sunaname ngakhale kamodzi. Unali munthu wabwino uli mpando."



"Brenda wa matimati akupereka moni," anatero Lister, akukweza chikwangwani cha alendo. "Kalize galimoto, ndege yatera."