Jesinta ndi Madzi Obiriwira

Jesinta anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kwawo kunali m'tsinde mwa phiri, kufupi ndi Mayani. Jesinta ankafuna kudziwa chinthu chimodzi. Kodi madzi a pakasupe amachokera kuti?

Kasupeyo anali pafupi ndi dimba lawo. Madzi ake anali ozizira. Madzi ake anali oyera. Banja lonse linkamwa madzi amenewo. Amayi ake, a Marita, ankathirira nawo kabichi ndi mbatatesi.

Jesinta anafunsa amayi ake. Iwo anati madzi amachokera pansi. Anafunsa bambo ake, a Gervazio. Iwonso anati amachokera pansi. Koma pansi pati? Palibe ankadziwa.

Pamwamba pa phiri panali kamtsinje. Kankayenda pang'ono, kenaka kankalowa pansi pa miyala ikuluikulu. Kankangosowa basi.

A Gervazio ankafuna kumanga khola la nkhumba pomwepo. Malowo anali abwino. Madzi otsukira khola anali pafupi. Mitengo yomangira anali atadula kale.

Tsiku lina ng'ombe zinakamwa pakamtsinje paja. Zinapondaponda m'madzi. Madzi anavunduka. M'mawa mwake Jesinta anakatunga pakasupe. Madzi a pakasupe nawo anali ovunduka.

Jesinta anathamanga kukauza bambo ake. Iwo anangoseka. Anati kamtsinje kali kutali. Anati madzi ake amatulukira kuseri kwa phiri, pachitsime cha kumeneko.

Koma Jesinta sanaiwale.

Lolemba kusukulu kunabwera alendo. Dzina lawo linali a Magadalena. Ntchito yawo inali kufufuza mmene madzi amayendera. Ankayeza mvula. Ankayeza mitsinje. Ankayezanso zitsime.

Jesinta anakweza dzanja. Anafotokoza za ng'ombe. Anafotokoza za kamtsinje. Anafotokoza za kasupe.

A Magadalena sanaseke.

"Waona bwino, mwanawe," anatero iwo. "Koma kuona kamodzi sikokwanira. Tiyeni tikayese."

Loweruka m'mawa a Magadalena anafika kumudzi. Ananyamula botolo lalikulu. M'botolomo munali utoto wobiriwira. Anauza anthu kuti utotowo supweteka munthu. Supweteka chiweto. Supweteka mbewu. Komabe anati aliyense atungiretu madzi akumwa. Amayi onse anadzaza ndowa zawo.

Kenaka onse anakwera phiri. A Magadalena anathira utoto m'kamtsinje. Madzi anasanduka obiriwira ngati masamba a mpiru. Analowa pansi pa miyala. Anasowa.

Tsopano inatsala ntchito yodikira. A Gervazio anapita kuchitsime cha kuseri kwa phiri. Anati madzi obiriwira akatulukira kumeneko ndithu. Jesinta anapita pakasupe.

A Magadalena anampatsa wotchi. Anampatsanso timabotolo toyera. Anati ola lililonse azitunga kabotolo kamodzi. Anati azitiika pamzere.

Jesinta anatunga kabotolo koyamba. Madzi anali oyera.

Anatunga kachiwiri. Madzi anali oyera.

Anatunga kachitatu. Madzi anali oyerabe.

Dzuwa linafika pamutu. Miyendo inayamba kuwawa. Jesinta anaganiza kuti mwina bambo ake ananena zoona. Misozi inali pafupi.

Amayi ake anabwera ndi mapichesi m'mbale. Anakhala naye pamwala. Anati nawonso akadzala mbatatesi amadikira. Anadya mapichesi limodzi.

Jesinta anatunga kachinayi. Madzi anali oyera. Anatunga kachisanu. Madzi anali oyera.

Anatunga kachisanu ndi chimodzi. Anakayang'ana padzuwa. Anakaika pambali pa koyamba kaja. Sitinali tofanana. Madziwa anali obiriwira pang'ono!

Jesinta anayang'ana m'kasupe. Utoto unkatuluka pansi pa mwala. Unkatuluka pang'onopang'ono, ngati utsi. Posakhalitsa kasupe yense anali biriwiri.

Jesinta anathamanga. Anadutsa dimba. Anadutsa munda wa chimanga. Anafika kuseri kwa phiri ali wefuwefu. Bambo ake anali khale pachitsime. Madzi a m'chitsime anali oyera.

"Ababa, tiyeni mukaone!" anatero Jesinta.

A Gervazio anafika pakasupe. Anayang'ana nthawi yaitali. Anavula chipewa. Anakanda m'mutu.

"Ndikanamanga khola paja," anatero iwo, "tikanamamwa zonyansa za nkhumba."

A Magadalena anafotokoza. Anati m'kati mwa phiri muli miyala. M'miyalamo muli ming'alu. Madzi amadutsa m'ming'alumo. Sathamanga, koma amafika. Zimene zalowa pamwamba zimatulukira pansi.

Kenaka anatsegula buku lawo. Analemba tsiku. Analemba maola asanu ndi limodzi. Analembanso dzina la amene anayeza. Jesinta anasuzumira m'bukumo. Anaona dzina lake.

Patapita masiku atatu, utoto unatha. Kasupe anayeranso.

A Gervazio anatsitsa mitengo yawo kuphiri. Anayenda maulendo ambiri. A Marita anathandiza. Jesinta ananyamula kamtengo kakang'ono. Anaunjika mitengo kumunsi kwa dimba, kutali ndi kasupe.

A Gervazio anagwira khasu. Koma sanayambe kukumba. Anacheukira mwana wawo.

"Nanga pano, Jesinta? Pali bwino?"

Jesinta anayang'ana kumtunda. Kasupe anali kumtunda. Anatenga ndowa ya madzi. Anakhuthula pansi. Onse atatu anawerama. Madzi anayenderera kumunsi. Sanabwerere kukasupe.

"Pano pali bwino, ababa," anatero Jesinta.

A Marita anaseka. A Gervazio nawo anaseka. Anapatsa Jesinta kamtengo kosongoka. Jesinta anajambula pansi mzere wa khola. Bambo ake anayamba kukumba motsata mzerewo.