Sabata Yachiwiri ya Kopolo

Nyumba ija inali yamtendere, ya mapemphero m'mawa ndi madzulo. Munkakhala mayi wamasiye wosoka zovala, mpongozi wake, ndi kamtsikana kongoyamba kumene kuyankhula. Bambo wa kamtsikanako, mwana wa mayi wamasiyeyo, anali msilikali, ndipo aliyense ankangomutchula kuti Kopolo. Anatumizidwa kudziko lakutali mwanayo ali ndi miyezi iwiri. Kumeneko, m'tenti yotentha ngati uvuni, ankalakalaka chinthu chimodzi chokha: kumva mwana wakeyo akumuitana kuti "Ababa."

Atapatsidwa tchuthi cha masabata awiri anatulukira m'mawa wina ali mu yunifolomu, jombo zikugunda pakhonde. Amayi ake anataya sizasi. Mkazi wake anamugwira malaya n'kumalira. Koma kamwanako katangoona chimunthu chatseka khomo, kanakuwa n'kukalowa pansi pa makina osokera.

"Tuluka, ndine bambo ako!" anatero Kopolo.

"Tsitsani mawu, abambo, pano si pa perete," anatero mkazi wake akupukuta misozi. "Vulani zovala zoopsazo mukhale pamkekapa. Mwanayu sachedwa kuzolowera munthu. Wogulitsa makala anamuzolowera masiku atatu okha."

Mawa lake anavaladi kabudula, n'kukhala pansi kumasanja mabatani a amayi ake. Kamwanako kanasuzumira, kanakwawa pang'ono, kanamugwira chala chakuphazi, n'kuthawa. Kopolo anamva kutentha m'maso. Anayang'ana chala chija ngati chapatsidwa mendulo.

Nthawi yomweyo pawindo panamveka likhweru. Anali Chilumo, wometa wa pakona, mnzake wa paubwana.

"Kopolo! Mwabwera mozemba ngati mwaba nkhuku? Anyamata kubala akufuna amve za nkhondo. Koma muvale yunifolomu, achimwene. Msilikali wa kabudula angamukhulupirire ndani?"

"Mwana wanga," anatero amayi ake osatukula mutu pansalu, "kumeneko anthu amapita ndi miyendo iwiri, pobwera amabwera ndi inayi. Mwana wako wangoyamba kumene kukuyandikira."

"Ola limodzi lokha, amayi."

Tsono kunena zoona, ntchito ya Kopolo kunja kuja inali yolondera geti la nyumba yosungiramo mabulangete. Mfuti yake inali isanalirepo. Koma kubala anamukhazika pampando wapakati, botolo likatha lina lafika kale, ndipo m'nkhani zake adani anayamba kuswana. Lachiwiri anagwira atatu. Lachinayi anakwana makumi anayi. Pofika Lachisanu anali atagwetsa ndege ndi mwala. Chilumo ndiye ankachitira umboni, chonsecho kumene anafika kutali m'moyo wake ndi kudepoti ya mabasi.

Tsiku ndi tsiku ankabwerera dzuwa lisanalowe, akuimba nyimbo zogubira, fungo lili patsogolo iye pambuyo. Mwana uja akamva jombo, pansi pa makina. M'mawa mutu unkamuwawa, ankagona mpaka likhweru lija.

Loweruka mkazi wake anamukokera kuchipinda n'kutseka chitseko.

"Miyezi yonse ija ndinkayala bedi la anthu awiri, ndikugona ndekha," anatero motsitsa mawu. "Ndinkati akabwera tidzacheza mpaka pakamwa kuuma. Mwabwera, koma ndikukusowanibe. Dzulo mwanayu anaima pakhomo pano akukuyang'anani mukuliza mkonono. Anaima nthawi yaitali, batani lili m'manja. Ankafuna akupatseni."

Kopolo anayankha: "Amayi a mwana, msilikali sayenda wopanda pulani. Sabata ino ndi ya anzanga. Sabata yamawa yonse ndi yanu, sinditulukanso ngakhale pageti."

"Ukumugawa mwana ngati ndandanda ya alonda?" anafuula amayi a Kopolo ali kuseri kwa chitseko. "Mulungu akukuona, iwe!"

Kopolo sankanama ayi. Lamlungu, ena ali kutchalitchi, anakatsanzikana ndi botolo lomaliza. Lolemba anadzuka m'mamawa, anasamba, anavala kabudula, anakhala pamkeka ndi chitini cha mabatani. Mtima unali mbee. Masiku asanu ndi awiri athunthu! Kwa wamakala anangofunika atatu.

Kamwanako kanali katangotulutsa mutu pamene foni inalira. Anali sajeni wake.

"Kopolo, tchuthi chadulidwa. Zinthu zavuta kuno, aliyense abwerere. Galimoto ikupeza padepoti thu koloko."

"Koma bwana, ndatsala ndi sabata…"

"Ndakufunsa? Thu koloko."

Foni inaduka. Mkazi wake anangotenga yunifolomu ija n'kuyamba kusita, misozi ikugwera pansalu. Ndipo Kopolo anavala, chifukwa kumeneko sapita ndi kabudula. Atamanga jombo, mwana anali kale pamalo pake paja.

Anagwada pafupi ndi makina, chimunthu chonse chija, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, kamodzi kokha. Nena kuti Ababa."

"Nena, mayi," anathandizira agogo ake. "Ndi bambo ako awa."

Kamwanako kanamuyang'ana, kanayang'ana jombo, kenaka kanatembenukira kwa mayi ake.

"Amama, apite."

Podutsa pakona ndi chikwama chake, Chilumo anali kalikiliki kumeta munthu. Anangokweza lumo m'mwamba. "Mwanyamuka kale, bwana? Mukabwere ndi nkhani zatsopano!"

Lero Kopolo ali pageti lake lija, ndipo tchuthi china sichikudziwika. Mowa anasiya, Baibulo amawerenga. Akaimba foni kunyumba amamva kamawu kakuseka chapatali, koma akati ampatse foni mwanayo, kumakhala zii, kenaka timapazi tikuthawa.

Inu anyamata, imvani. Mowa sunamulande Kopolo ntchito, sunamuthyole mwendo. Unangomudyera sabata imodzi, ndipo sabatayo ndi yokhayo imene anali nayo. Nthawi ya banja lanu musaipereke kwa botolo n'kumati otsalawo ndidzawapatsa mawa. Mawalo si lanu. Mwana akakugwirani chala lero, khalani pomwepo.