Shopu Yotsekedwa pa Mapu

Bushra anali atatha masiku makumi anayi mu edda, nyengo imene mkazi wa Chisilamu amabindikira polira mwamuna wake, pamene anaona mawu ofiira aja pa foni yake. Shopu ya mipando ya malemu amuna ake ya ku Domasi inalipo ndithu pa mapu, zithunzi za mabedi ndi masofa zilipo, koma pansi pake panalembedwa kuti inatsekedwa, sidzatsegulidwanso.

Anawerenga katatu.

Shopu zinali zitatu: Domasi, Songani ndi Naisi. Amene anaziika pa mapu anali iye mwini. Amuna akewo, Alaudin, ankamuseka kuti mpando sagula ndi chala, amagula ataukhalira. Koma aphunzitsi ndi anamwino obwera kumene atayamba kufika foni ili m'manja, kuseka kunatha. Bushra ndiye ankajambula katundu, kulemba nthawi yotsegulira ndi kuyankha ndemanga za ogula. Analakwitsa chimodzi chokha: zonse anazilembetsa pa nambala ya amuna ake. Mkazi waulemu amatero, eti? Tsopano foniyo inali kwa apongozi ake, Abiti Mohamedi, ndipo iye sakanatuluka pakhomo mpaka miyezi inayi ndi masiku khumi zitakwana.

Masana ake kunabwera Bashiru, mng'ono wake wa malemu, atanyamula mpunga wa ana. Anaima pakhonde, Bushra ali kuseri kwa katani.

"Alamu, ndinu mwatseka shopu ya Domasi pa mapu?"

"Ndangokonza zinthu. Anthu akumapeza loko pachitseko n'kumalemba zoipa. Bola azibwera ku Naisi komwe ndili ine."

"Bwanji osalemba kuti yatsekedwa kwa kanthawi? Mwaipha! Domasi ndi ya ana, achimwene anu ananena inu mukumva."

"Amenewo anali mawu a wodwala. Pogawa chuma abale adzaona okha shopu imene ili ndi moyo."

"Chonde alamu, ndikugwirani mwendo. Ineyo sindingatuluke, mukudziwa."

"Ndiye khalani phee, mulire amuna anu."

Bashiru anamenyetsa geti lamalata n'kumapita. Bushra anakhala pansi pomwepo nalira mpaka mawu anasasa.

Anayesa zonse zimene munthu angayese ali m'chipinda. Akapempha kuti akonze, manambala achinsinsi ankapita ku foni ya malemu. Akaimbira apongozi, sankayankha. Sizinamudabwitse, pakuti mayiwo kuyambira kale ankamutcha mkazi wa pa foni. Tsiku lililonse ankaona zithunzi zatsopano za ku Naisi, ndipo masofa ena ankawazindikira. Anali a ku Domasi, amene nsalu zake anasankha yekha.

Patatha milungu itatu, Abiti Mohamedi anatulukira dzuwa lili paliwombo, fumbi lili mbuu kumapazi. Sanadikire kuyaliridwa mkeka. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa foni ya Alaudin.

"Amake Imran, kanthu aka kamalira kawirikawiri. Bashiru amabwera, amawerenga manambala, n'kundibwezera. Ine ndimayesa ndi za sadaka ya maliro."

"Ayi amayi, ndi za shopu."

"Ndamva lero. Ndakumana ndi Esnath, mphunzitsi wa ku Mishoni uja, ku chigayo. Akuti, pepani mayi, ndaona pa foni kuti shopu ya Domasi inapita ndi eni ake." Misozi inayamba kutsika. "Mwana wanga ndinamuika kamodzi. Kawiri ayi."

Bushra analandira foniyo ndi manja awiri. Inali ikadali ndi mng'alu uja pakona. Atapemphanso kukonza, manambala anafika nthawi yomweyo, iye n'kulemba kuti shopu ndi yotsegula. Yankho linabwera loti adikire, nkhaniyo iunikidwa kaye. Masiku angati, sananene.

"Ngakhale avomere, amayi, akatsegule ndani? Ine ndatsala ndi miyezi yoposa iwiri. Katundu Bashiru anasamutsa, mwina mwatsala timipando tinayi."

"Makiyi ena uli nawo?"

"Ndili nawo."

"Bweretsa. Kulemba sindidziwa, za mapu zakozo sindizimva. Koma kukhala pampando ndimadziwa."

Anakumbatirana, aliyense akulira maliro ake.

M'mawa mwake Bushra anayang'ana pa foni. Mawu ofiira aja anali pomwepo, osasuntha. Koma ku Domasi, m'mbali mwa msewu, chitseko chinali chotsegula, ndipo Abiti Mohamedi anali atakhala pakhomo pa mpando wa mwana wawo, akupereka moni kwa aliyense wodutsa.