Kiyi ya Silinda Yachiwiri

Ananyamuka pachipatala china cha ku Chongwe leveni koloko itadutsa kale. Norbert ndiye ankayendetsa ambulansi. Kumbuyo kunali namwino Inonge ndi Fridah, mayi wa ku Kanakantapa amene sankathanso kupuma yekha: paipi m'kamwa, makina akumupumira. Katundu yense anamuona asananyamuke. Batire lodzaza, chopopera mpweya chapamanja, masilinda awiri a okosijeni.

Atangodutsa mlatho wina pamsewu wa ku Lusaka, silinda yoyamba inatha. Makina anayamba kulira. Norbert anaima.

"Nipaseni kiyi ya silinda!" anakuwa Inonge.

Kachitsulo kotalika ngati chala, kotsegulira mpweya. Panalibe. Kanatsala kuchipatala, ndipo bokosi la masipanala wina anali atabwereka. Silinda yodzaza ili apo, yotseka. Kufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi!

Inonge anayamba kupopa ndi manja. "Mphepo chabe yopanda okosijeni siizamukwana. Thamangani, mukasakile olo pulayala yotsegulira!"

Norbert anabwerera wapansi chakumlatho, komwe anaona denga la nyumba. Magalimoto awiri anamudutsa osaima. Nyumba ija anaipeza ili bwinja, yopanda n'chitseko chomwe. Mtima unamuthera.

Pobwerera anamva kupuma. Fuuu... Fuuu... Pang'onopang'ono, mofanana, ngati makina.

Pamlatho panakhala bambo wofunda bulangeti. Patsaya pake, pulasitala yomatira paipi ya m'kamwa. Mawu osasa.

"Ba draiva... mwaibala futi?"

Tsitsi linamuimirira Norbert. Anali asanauze munthu aliyense kuti aiwalanso kiyi! Bambo uja anatambasula dzanja. Kiyi. Yozizira, yadzimbiri, yomata dothi lofiira.

"Ine ninaipeza mochedwa."

"Ndimwe bandani?"

"Stanislaus. Munaninyamulapo."

Norbert anatenga kiyi ija n'kuliyatsa liwiro osacheuka. Anafika ali wefuwefu, n'kulowetsa kiyi, n'kupotokola. Psss! Mpweya unatuluka bwinobwino.

Koma Inonge anali atasiya kupopa. Manja ali pamiyendo.

"Lekani, ba Norbert. Bayenda."

Norbert, munthu wamkulu, anakhala pansi pamsewu wa tala n'kulira ngati mwana. Mayi wa ana atatu, kuphedwa ndi kachitsulo koti ungaike m'thumba la malaya. Zowawa!

Inonge anatola kiyi ija kuti aisunge, napukuta dothi ndi chala. Pamwamba pake panali kapulasitala kakalekale, kolembedwa nambala ya ambulansi yawo. Malembawo anali a dzanja lake lomwe.

"Mwaichosa kuti iyi?"

Norbert anatchula dzina lija. Inonge anatsamira chitseko cha galimoto.

"Simukumbuka? Ba Stanislaus banafera pa buriji paja tadutsa, mu ambulansi ino. Papita zaka folo. Tinaisakila iyi kiyi imwe na ine, pansi pa mipando, mu mabokosi, monse. Tinakutumula vonse... kusiyako chabe bulangeti yamene banashikiwa nayo kumanda."