Mphenzi ndi Ndodo ya a Maliki

A Maliki ananyamuka kwawo ku Bertrams, mu Joni, Lachisanu m'mawa atatenga ndodo yawo yopempherera, chigubu cha madzi ndi bulangete limodzi. Anati akukasala kudya kumapiri a Magaliesberg, abwerako Lamulungu. Lolemba kunacha munthu osaoneka, foni ili zii.

Mwana wawo Anjimile anangoti kakasi. Nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri, masiku atatu osalawa kanthu, m'phiri limene matsotsi amasaka anthu opemphera! Mwamuna wake Grain, mlonda wa kampani ina ya ku Randburg, sanachulutse zonena.

"Amake Dan, ndipatseni chipewa cha abambo. Ndikatenge Mphenzi."

Mphenzi anali galu amene Grain ankalondera naye, ndipo ukali wake sunali wongonamizira. Akuba awiri anagonapo m'chipatala chifukwa cha mano ake. Kampani inali pafupi kumupumitsa ntchito, Grain n'kumafuna kudzamusunga pakhomo, koma Anjimile anali atakana kwamtuwagalu.

"Chilombo chimenecho chikasake bambo anga? Mwaiwala zimene amachita akaona galu?"

Grain sanaiwale. Apongozi akewo analumidwa ndi galu wa alonda a pamgodi ali mnyamata, ndipo kuyambira pamenepo akaona galu, ngakhale kagalu konyamula m'manja, amakweza ndodo. Pomwe Mphenzi anaphunzitsidwa kuyambira ali mwana kugwira mkono wa munthu wokweza ndodo.

"Sindikamumasula pachingwe," anatero Grain. "Koma popanda mphuno yake, phiri lija tikalizungulira sabata yathunthu."

Anapita atatu pa kabaki, kagalimoto kotsegula kumbuyo ka Khumbo, mlongo wake wa Anjimile. Khumbo ankayendetsa diso limodzi lili pamsewu, lina pagalasi, kuyang'ana chigalu chakuda kukamwa chimene chinakhala kumbuyo.

"Alamu, ndamva zoti Loweruka lililonse mumakayenda naye m'chipiringu cha anthu ku Park Station ngati chibwenzi."

"Ndimafuna azolowere anthu. Agogo, ana, zidakwa, onse. Galu wamantha ndiye amaluma aliyense. Uyu ndimafuna azidziwa kusiyanitsa."

"Eish, ine andisiyanitse ndili patali."

Galimoto anaisiya pamene msewu wafumbi unathera. Anagawana katundu: madzi malita anayi, buledi, tiyi m'fulasiki ndi chingwe chokwerera. Grain ananunkhitsa galu chipewa chija n'kunena kuti, "Saka!" Malamulo onse anamuphunzitsa m'Chichewa, kuti tsotsi wa ku Joni asadzamulamule.

Mphenzi anazungulira kawiri n'kulowera kanjira ka kumpoto. Anakwera maola awiri m'miyala yoterera, minga ikuwang'amba miyendo. Pakakhwawa kena anyani anawatsekera njira, mkulu wawo akuonetsa mano. Khumbo anatola mwala.

"Siyani, alamu. Tizungulire kumanzere," anatero Grain. Galu anawayang'ana anyaniwo kamodzi, n'kubwezeranso mphuno pansi.

Masana kumwamba kunada mwadzidzidzi. Matalala akulu ngati mazira a njiwa anawathamangitsira pansi pa thanthwe, ndipo atatuluka, fungo lonse linali litakokoloka. Mphenzi ankangozungulira. Anjimile anayamba kulira poyera, osabisanso.

"Opemphera amakonda pamwamba poyang'ana kum'mawa," anatero Khumbo. "Tikwere mtunda uwo. Madzi atsala angati?"

"Malita awiri," anayankha Grain. "Tiyi tisamukhudze, ndi wa abambo."

Pamwambapo anapeza bwalo la miyala yopakidwa laimu, makandulo otsala ndi chigubu cha a Maliki chili chopondedwa. Asanalankhulane, amuna awiri anatulukira kuseri kwa thanthwe. Wina anali ndi chibonga, mnzakeyo atafunda bulangete limene Anjimile analidziwa bwino, poti analigula yekha.

"Mafoni pansi, mabegi pansi," anatero wachibongayo m'Chizulu. Anakoka chikwama cha Anjimile mpaka mayiyo anagwa chagada, kenako anakweza chibonga.

Grain anamasula chingwe. "Gwira!"

Palibe anaona galuyo akudumpha. Anangomva munthu akukuwa, chibonga chikugubuduka m'miyala, mkono wonse uli m'kamwa mwa Mphenzi. Wabulangete uja analitaya n'kuthawa liwiro la mtondo wadooka.

"Leka!"

Galu analeka nthawi yomweyo n'kuima pamwamba pa munthuyo, akulira chapakhosi.

"Madala ali kuti?" anafunsa Grain.

"Anathawira kuchigwa dzulo! Sitinamugwire, ndikulumbira!"

Anamusiya apite atagwirira mkono wake wamagazi. Anjimile anali akadali pansi. Anali ataona ndi maso ake zimene mano aja amachita, ndipo sanadziwe kuti athokoze kapena aope. Grain anawerama kuti amudzutse, ndipo apa ndi pamene analakwitsa: anaiwala kubwezera galu pachingwe. Mphenzi ananunkhiza bulangete lija, anakweza mutu, n'kutsetserekera kuchigwa osacheuka.

"Bambo a Dan, galu!"

Anathamanga akugwa n'kudzuka. Atafika pamphepete pa phompho, anaona zonse pansi, kutsidya kwa mtsinje umene unali utadzaza ndi mvula ija. A Maliki anali atatsamira mwala, mkanjo wawo woyera uli matope okhaokha, mwendo umodzi utapindikira kolakwika. Anali moyo. Koma kutsogolo kwawo kunali Mphenzi, kukamwa kudakali magazi, ndipo nkhalambayo inali itakweza ndodo ndi manja onse awiri.

"Khala! Mphenzi, khala!" anakuwa Grain. Mkokomo wa madzi unameza mawu ake. "Abambo, tsitsani ndodo!"

Ngakhale akanamva, a Maliki sakanatsitsa. Ndodo inatera pamsana pa galu, phwa! Anjimile anatseka maso. Grain anangodikira kumva apongozi ake akukuwa, poti zaka zisanu ndi zitatu anali asanaonepo munthu womenya Mphenzi n'kutsala ndi mkono wabwinobwino.

Galuyo anaima osasuntha. Anayang'ana ndodo, anayang'ana nkhalamba. Kenako anasendera pafupi, ananunkhiza mutu wa imviwo pamene pamakhala chipewa, n'kugona pansi atatsamiza thupi lake lofunda kunthiti kwawo. Ali chigonere anayamba kuuwa, kuuwa kwa apo ndi apo koitana mbuye wake.

"Sisi, tsegulani maso," anatero Khumbo. "Yoh, tsegulani muone."

Anatsika ndi chingwe n'kuwoloka madzi ofika m'chiuno atagwirana manja. Anapeza a Maliki milomo itauma, mano akugundana ndi kuzizira, koma dzanja limodzi litalowa m'ubweya wa galu, kufuna kutentha. Anjimile anawamwetsa tiyi pang'onopang'ono, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Mtima wake unakhala m'malo koyamba chichokereni Lamulungu.

"Ndinagwera muno pothawa anyamata aja," anatero a Maliki atapezako mphamvu. "Ndiye ndikuona chigalu, ndinati basi, cha kumgodi chija chabwera kudzamaliza. Mkamwini, galuyu ndi wanu?"

"Ndi wanga, abambo."

"Saluma?"

"Amaluma, abambo. Kumtundaku wasiya munthu akulira mayo."

Nkhalamba inayang'ana galuyo. "Ndiye ine wandisiyiranji? Ndamumenyatu."

"Waona kuti simumafuna ndewu. Mumangoopa."

Mwendo anaumanga ndi ndodo yomwe ija, ataidula pakati. A Maliki sanadandaule. Anadula mitengo iwiri, bulangete n'kukhala machira, ndipo anatsata mtsinje kutsika, chifukwa njira yokwera inali yosatheka ndi katundu wotere. Anayenda maola atatu, mapewa atasupuka, buledi atatha. Mphenzi ankatsogola pang'ono n'kubwerera kudzanunkhiza machira, ngati namwino woyendera wodwala.

Anafika pagalimoto dzuwa lisanalowe. Powagoneka kumbuyo, Grain anafuna kumangirira galu kukona, koma a Maliki anakana.

"Asiyeni a Mphenzi akhale pompano. Ndili nawo mawu opepesa."

Khumbo anaseka mpaka kutsokomola. "Kungogwa m'phompho kamodzi, galu wasanduka a Mphenzi!"

Kuchipatala anati mwendo upola, koma usiku wina umodzi m'chigwa muja akanapeza maliro. Atatuluka panja, Anjimile anaima nthawi yaitali pafupi ndi baki. Anatambasula dzanja mwamantha, galu n'kulinyambita.

"Bambo a Dan, paja munati akumupumitsa liti?"

"Mwezi wamawa."

"Kuseri kwa nyumba kuli malo. Koma m'khitchini mwanga asalowe, ndipo Dan akamasewera naye inu muzikhala pomwepo."

"Sindidzachokapo," anatero Grain.

A Maliki anatuluka m'chipatala patatha milungu itatu. Akumpingo anawabweretsera ndodo yatsopano yosemedwa bwino, ndipo anailandira ndi manja awiri. Koma anthu a mumsewu wawo ku Bertrams amati akakhala pakhonde masana, ndodoyo imakhala itatsamira khoma, dzanja lawo lili pamutu pa galu.